Chizindikiro cha Pansi pa Matiresi

Kuntchito ankamutcha Chidindo. Poyamba chinali chifukwa choti ndiye ankasema zidindo za labala mu shopu yosindikiza mapepala, koma dzinalo linamera mizu pa chifukwa china: mkazi ameneyu akanena chinthu ndiye kuti wadinda, zofufuta palibe. Anali ndi diso loona cholakwa chikadali patali, ndipo tisanamizane, diso limenelo linaipulumutsa shopuyo kambirimbiri kwa akathyali ofuna chidindo cha ofesi imene si yawo. Vuto linali loti disolo silinkaweruka. Ankapita nalo kunyumba, kukadya nalo, kukagona nalo.

Kunyumbako kunali bambo ake. Mkuluyu analemba zikwangwani zaka makumi anayi, ndipo theka la mashopu a mumsewu waukulu linali ndi dzanja lawo pamwamba pa khomo. Sitiroko itawagwetsa, mbali yakumanja inafa, mawu anathawa, n'kutsala kung'ung'udza kumene aliyense ankamasulira mmene zamukomera. Chidindo anawatenga, anawapatsa chipinda chakumaso chokhala ndi windo loyang'ana kugeti, n'kuyamba kufuna munthu wowasamalira masana iye akakhala kuntchito. M'miyezi isanu ndi umodzi anachotsa atatu. Woyamba foni sinkachoka m'manja. Wachiwiri sopo ankatha msanga. Wachitatu ankaseka kwambiri, ndipo Chidindo sanamvetse chimene munthu angaseke m'nyumba ya matenda.

Wachinayi anali mayi wamfupi, wa msinkhu wake womwe, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Chidindo ankamuitana kuti asisi. Mayiyu ankatembenuza odwala maola awiri aliwonse osayang'ana wotchi, mpaka zilonda za kumsana zinapola. Chachikulu n'chakuti bambo aja, amene kwa ena onse ankatseka pakamwa kuti gwa supuni ikayandikira, kwa asisi ankatsegula okha, phala n'kutha mbale yonse. Masaya anabwerera. Munthu wina akanathokoza n'kumagona tulo tabwino. Chidindo anafufuza cholakwa miyezi isanu ndi itatu osachipeza, ndipo zimenezo n'zimene zinkamudya. Kwa iye munthu wosaoneka cholakwa ndiye kuti wabisa chachikulu.

Anachipeza Lachitatu lina, magetsi atazima kushopu, abwana n'kuwauza kuti azipita kwawo. Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, n'kulowa mwakachetechete, mwadala. Chitseko cha chipinda chija chinali chotsegula pang'ono. Bambo ake anali atatsamira mapilo, ndipo asisi anali ataimirira kutsogolo kwawo, moyang'anizana nawo, akulemba mumpweya ndi zala ziwiri. Chidindo ankaonera chapambali, choncho sanaone bwino kumene zalazo zinkalowera, koma anaona mzere wopingasa, mzere wotsika, kenaka kuzunguliza katatu ngati koyilo ya udzudzu. Milomo inkagwedera popanda mawu. Atatero, asisi anaika manja onse awiri pamutu pa odwala n'kutsinzina. Bambo aja sanatsinzine. Maso awo anatsatira zalazo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo anali owala mmene Chidindo anali asanawaonere chiyambireni matendawa.

Chidindo anatsokomola. Asisi sanadzidzimuke, ndipo nakonso kusadzidzimukako Chidindo anakulemba mumtima. Atafunsidwa, asisi anafotokoza mosabisa kuti imeneyo ndi Reiki, njira yokhazika thupi pansi poika manja, yochokera ku Japan, imene anaphunzira kwa mayi wina wokhala ndi chipinda pamwamba pa shopu ya nsapato. Anati si mankhwala ndipo silowa m'malo mwa mapiritsi. Odwala amangopeza bata, tulo n'kubwera. Cholemba mumpweyacho anati ndi chizindikiro choyambira, ngati mmene munthu amayatsira getsi akalowa m'chipinda. Anawonjezera kuti asanayambe anapempha chilolezo kwa eni thupi, ndipo iwo anavomera ndi mutu.

"Mutu wa munthu wa sitiroko umagwedezeka wokha, asisi," anatero Chidindo. "Tandilemberani chizindikirocho papepala ndichione."

"Pepani, sindingathe. Tinalonjeza kwa aphunzitsi kuti sitidzalemba papepala kapena kuonetsa munthu amene sanaphunzire."

Chidindo anangoti chabwino. Amene ankamudziwa akanamutsina khutu mayi uja kuti chabwino wa mtundu umenewo ndi woti munthu ayambe kulongedza.

Madzulo anaimbira mlongo wake wamng'ono, amene ankakhala kutali ndipo ankasamalira bambo awo pafoni pokha. Mlongoyo anaseka mpaka kutsamwa. Anati ngati mkuluyo akudya, mayiyo azilemba mumpweya ngakhale njinga, iye alibe nazo vuto. Chidindo anamukumbutsa kuti kuseka n'kosavuta munthu ukakhala kuti sunasinthepo nsalu yonyowa ngakhale kamodzi, n'kudula foni. Masiku awiri otsatira anangokhala tcheru. Ananunkhiza botolo la mafuta osisitira. Anawerenga mapiritsi kawiri. Anaona kuti asisi amasamba m'manja asanalowe kwa odwala komanso akatuluka, chinthu chimene kale ankachitama, koma tsopano anayamba kudzifunsa kuti potulukapo amatsuka chiyani.

Loweruka asisi sankabwera. Chidindo anasambitsa bambo ake yekha, anawakhazika pampando, n'kuyamba kusintha nsalu za pabedi. Pokweza matiresi mbali yakumanzere, timapepala tinagwa pansi. Tinali timaenvulopu ta mapiritsi, tong'ambidwa n'kutambasulidwa, khumi ndi kamodzi. Pa kalikonse panali chinthu chimodzimodzi cholembedwa ndi pensulo: mzere wopingasa, mzere wotsika, koyilo. Munthu uja anamuyang'ana m'maso n'kunena kuti salemba papepala, chonsecho akuunjika zolembazo pansi pa nthiti za bambo ake. Atacheuka anapeza odwala akumuyang'ana, dzanja lamoyo lija likugunda pampando, pakamwa pakutuluka phokoso losamveka. Anawasisita paphewa n'kuwauza kuti asaope, wazipeza ndipo athana nazo. Phokosolo linakula.

Lamlungu lonse anayenda ndi timapepalato m'chikwama ngati wasunga njoka. Kufufuza pa intaneti akanatha, koma sanafune kuti zinthu zimenezo zilowe m'foni mwake. Lolemba anasiya asisi pakhomo osawauza kanthu, ndipo nthawi ya nkhomaliro anakwera masitepe a pambali pa shopu ya nsapato. Ankayembekeza mdima ndi utsi wa zofukiza. Anapeza chipinda choyera chonunkhira polishi, bedi lalitali lopapatiza ngati la kuchipatala, mipando iwiri, ndi mayi wa magalasi akudya nthochi. Zimenezo zinamukwiyitsa. Anaona ngati akufuna kumupusitsa ndi ukhondo.

Anaika kapepala kamodzi patebulo. Mphunzitsi uja atangokaona anakaphimba ndi dzanja, n'kufunsa kumene kachokera. Chidindo anayankha kuti wobwera ndi mafunso ndi iye. Mayiyo sanakwiye. Anafotokoza kuti wophunzira akafika gawo lachiwiri amapatsidwa zizindikiro zitatu: cha mphamvu, chokhazika maganizo pansi, ndi chotumizira munthu amene ali kutali. Amazilemba mumpweya kapena m'chikhatho, n'kutchula dzina lake chamumtima katatu, kuti maganizo ake onse akhale pa munthu amene akumugwirayo. Amaziloweza pamtima, ndipo kwa iye mapepala ophunzirira amawotchedwa tsiku lomwelo. Anavomera kuti masiku ano zinangoti mbwee pa intaneti, aliyense atha kuziona, koma iye amaphunzitsa mwachikale ndipo ophunzira ake amalonjeza. Kenaka anachotsa dzanja lija, anayang'ananso, n'kukankhira magalasi m'mwamba.

"Ichi ndi cha mphamvu, koma n'chotembenuza. Ine sindiphunzitsa chonchi."

"Chotembenuza chimatanthauza chiyani?"

Mphunzitsiyo anazengereza, ndipo kuzengerezako Chidindo anakumva kuposa mawu. Anati aphunzitsi amasiyana. Ena amati chikazungulira mbali iyi chimalowetsa mphamvu, chikazungulira mbali inayo chimatulutsa. Ena amati zonsezo zilibe ntchito, chofunika ndi mtima wa wolembayo, ndipo iye mwini ali kumbali imeneyo. Anapitiriza kunena kuti mwina ndi munthu wongolakwitsa, kuti ndi bwino kukafunsa modekha, koma anali akulankhula ndi msana. Chidindo anali atatola mawu amodzi okha, oti chimatulutsa, ndipo ankatsika nawo masitepe awiriawiri.

Kushopu sanabwererenso. Anapeza asisi akuyanika mathaulo panja, n'kuwamwazira timapepala tija pamapazi. Asisi anatola kamodzi, anakayang'ana nthawi yaitali, nkhope itasokonezeka, n'kunena kuti iwo sanalembe zimenezo. Chidindo anaseka mowawa. Anafunsa ngati m'nyumbamo muli mizimu yodziwa kugwira pensulo. Anafotokoza kumene wachokera ndi zimene wamva, mawu akukwererakwerera, mpaka amayi oyandikana nawo anayamba kupeza zochita pafupi ndi mpanda.

"Ngati si inu, lembani chanucho apa tifananitse," anatero akutulutsa cholembera m'chikwama. "Mphindi imodzi yokha, nkhani yatha."

Asisi anayang'ana cholemberacho, anayang'ana anthu a kumpanda aja, n'kubweza manja kumbuyo. "Ndinalonjeza, mayi."

Apa m'pamene Chidindo anatulutsa liwu lija. Analinena mokweza, momveka bwino, kawiri: mfiti. Anati miyezi isanu ndi itatu wakhala akusunga m'nyumba munthu woyamwa moyo wa bambo ake. M'chipinda muja bedi linkalira, odwala akumenya chitsulo cha m'mbali ndi dzanja lamanzere, ndipo Chidindo analoza kuwindo n'kunena kuti eni ake omwe akuchitira umboni. Asisi anamaliza kuyanika thaulo limene linali paphewa, analowa kukatenga chikwama chawo ndi nsapato za m'nyumba, n'kuima pang'ono pakhomo la odwala osalowa. Potuluka pageti anangonena kuti piritsi loyera ndi la 3 koloko. Dzuwa lisanalowe Chidindo anali atawotcha timapepala khumi kuseri kwa nyumba, n'kusunga kamodzi ka umboni.

Bambo ake anasiya kudya tsiku lomwelo. Supuni ikafika, ankatembenukira kukhoma. Chidindo anapempha tchuthi. Anayesa phala, supu, nthochi yokanya, yogati. Ananyengerera, anakalipa, analira. Madzi okha ndi amene ankalola, pang'ono, omezera mapiritsi. Iye anati ndi zomwezo, za mayi uja zikugwirabe ntchito, ndipo anagubuduza matiresi, anatumbula mapilo, anasesa pansi pa bedi ndi pamwamba pa kabati kufuna zimene zinatsalira. Mlongo wake ataimba sanasekenso. Anangofunsa kuti kodi mphamvu imene inkatulutsidwa ndi iti, poti mkuluyo ankanenepa mayiyo alipo ndipo akuwonda mayiyo atachoka. Chidindo anamuuza kuti zinthu zimenezi sazidziwa.

Namwino amene anabwera kudzawaona Lachinayi anawapima pakhosi, anawayeza kuthamanga kwa magazi, n'kunena kuti kumeza akumeza bwinobwino. Anati mkuluyu sakulephera kudya, akukana, ndipo zikapitirira mpaka Lolemba padzafunika kuwagoneka kuchipatala n'kuwaika chubu cha m'mphuno. Anafunsa ngati pali chimene chasintha m'nyumbamo. Chidindo anati palibe. Namwino atachoka, anakhala kukhitchini akuyang'ana mbale ya phala lozizira, ndipo kwa nthawi yoyamba anachita mantha kuti bambo ake amufera m'manja.

Lachisanu m'mawa abwana anaimba kuti kwabwera kasitomala wokwiya ndi chidindo chake ndipo akufuna amene anachisema. Chidindo anasiya odwala ndi mayi woyandikana naye n'kuthamangira kushopu. Kasitomalayo anali bambo wa tayi, wongotsegula kumene kaofesi kake, ndipo anali atanyamula chidindo choyamba pa moyo wake m'mwamba kuti aliyense aone. Malemba onse pa labalapo anali obwerera m'mbuyo. Anafunsa ngati shopuyi imalemba ntchito anthu osadziwa kuwerenga. Anthu otere amabwera kawiri kapena katatu pachaka, ndipo anzake a Chidindo anali atayamba kale kubisa nkhope kuseri kwa makina. Iye analanda chidindocho, anachigunda pa inki, anachidinda papepala, dzina la bamboyo n'kutuluka lowongoka bwinobwino.

"Palibe cholakwika apa, bambo. Inuyo mukuchionera mbali inayo. Cholembedwa chilichonse mukachionera mbali inayo chimaoneka chotembenuza."

Bamboyo anatuluka akupepesa chapansipansi. Chidindo anatsala chiimire, inki ili kuzala, mawu ake omwe akumulira m'khutu. Anatsegula chikwama, anatulutsa kapepala kaja, anapita pawindo n'kukaunika padzuwa chakumbuyo kwake. Koyilo ija inazungulira mbali inayo. Munthu wolemba mumpweya amaona chizindikiro chake chili chowongoka. Wochiona chotembenuza ndi amene ali kutsogolo kwake, atatsamira mapilo, akuchiona tsiku ndi tsiku miyezi yambirimbiri.

Anabwerera patebulo lake n'kukayang'anitsitsa pansi pa getsi, mmene akanachitira tsiku loyamba akanapanda kukhala ndi yankho kale. Pamwamba ndi pansi pa chizindikirocho panali timizere tiwiri tosaoneka bwino, tonjenjemera, tolembedwa pensulo isanakanikizidwe. Wolemba zikwangwani amayamba ndi timizere timeneto kuti malemba asakwere kapena kutsika. Iye mwini anaphunzitsidwa zimenezo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atakhala pa chitini cha penti. Anakumbukira pensulo yochongera nthawi ya mapiritsi, imene inkakhala pa katebulo ka kumanzere kwa bedi. Anakumbukiranso kuti timapepala tija sitinali tofanana. Tina tinali tokhotakhota ngati ta mwana, tina tabwinoko, ndipo iye anasunga kooneka bwino kuposa tonse chifukwa ndi kamene kanamuopsa kwambiri. Bambo ake, munthu amene sanalolepo wina kuona chilembo chawo chokhota, anali akudziphunzitsa mobisa kulemba ndi dzanja lamanzere, ndipo iye anawotcha ntchito yawo yoyamba chiwagwetsereni sitiroko. Manyazi anamugwira. Wolephera kuona zimenezi anali iye yemweyu, munthu wosema malemba otembenuza tsiku lililonse.

Kwa asisi kunali kutali, mabasi awiri. Anawapeza pakhonde akusita zovala. Anamulandira ndi ulemu wouma, anamupatsa mpando, iwo osasiya kusita. Chidindo anali atakonza mawu ambiri m'basi, koma otuluka anali ochepa. Anafotokoza za bambo wa tayi, za windo, za timizere tiwiri, n'kupereka kapepala kaja. Asisi anaimika ayironi. Anakayang'ana, anakaunika padzuwa, misozi n'kulengeza m'maso. Anati ankadabwa kuti pensulo ija ikufupika bwanji msanga chonchi, koma ankayesa kuti ndi Chidindo amene amaisongola madzulo. Anafunsa ngati timapepala tina tija tilipo. Chidindo anayang'ana pansi.

Anapepesa, ndipo poti anali wosazolowera, kupepesako kunatuluka movutikira. Anawauza kuti odwala sanadye chichokereni iwo, anatchula za chubu cha m'mphuno, n'kuwapempha kuti abwerere, ngakhale mawa lomwe. Asisi anapindanso malaya amene anali atapinda kale. Anati kukhululuka akhululuka, chifukwa amadziwa zimene mantha amamuchita munthu kholo lake likamadwala. Koma liwu lija silinathere pampanda. Pofika Lachitatu linali litafika kunyumba ina imene ankagwirako Loweruka, ndipo kumeneko anawauza pafoni kuti asavutikenso kubwera.

"Mumsewu muja sindingadutsemo panopa, mayi. Mwina m'tsogolo muno. Chimene ndingathe ndi ichi: mundipatse chithunzi chawo. Pali chizindikiro chachitatu, chotumizira kutali. Tsiku lililonse 4 koloko ndizikhala pansi n'kuwaganizira. Inu muziwauza kuti nthawi yakwana."

Chithunzi Chidindo anali nacho, chaching'ono, m'kachikwama ka makhadi: bambo ake atavala ovololo ya madontho a penti, ataima pamakwerero. Anachitulutsa, dzanja n'kuima panjira. Diso lija linali litadzuka kale. Linkamuuza kuti munthu sapereka chithunzi cha kholo lake kwa munthu amene wamulakwira chotere, kuti misozi aliyense atha kugwetsa, kuti kapepala kamodzi si umboni wokwanira. Za Reiki sankazikhulupirira, ndipo mpaka lero sazikhulupirira. Koma ankadziwa kuti asisi akuliona dzanjalo litaima, ndipo sakulikokera kwawo kapena kulibweza. Anachiika m'manja mwawo. Asisi anachipukuta ndi nsonga ya apuloni, n'kumuuza kuti afulumire, mabasi amavuta masana.

Anafika kunyumba kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 4 koloko. Anathokoza mayi woyandikana naye uja, n'kumuuza pageti pomwepo, mokweza kuti a kumpanda amve, kuti iye ananamizira munthu wosalakwa. Mayiyo anangoti kodi, ndipo zinkaoneka kuti nkhani yakale ija inkamukomera kuposa yatsopanoyi. Chidindo anatenthetsa phala n'kulowa nalo m'chipinda.

Bambo ake anali atayang'ana kukhoma. Anawakweza pamapilo, anawaika thaulo pachifuwa, n'kukhala m'mphepete mwa bedi mbale ili pamiyendo. Anawauza zonse osachotsera: kuti wadziwa amene analemba, kuti khumi tija anawotcha ndi manja ake, kuti asisi sabwera ndipo wolakwa ndi iye.

"Koma akuti 4 koloko azikhala nanu, ababa. Panopa yakwana."

Bambo ake anatembenuza mutu pang'onopang'ono, anakweza dzanja lamanzere, zala ziwiri zitaloza, n'kuyamba kulemba mumpweya pakati pa iwo ndi mwana wawo. Dzanjalo linkanjenjemera koma silinasiye panjira. Iwo ankalemba chotembenuza chawo chija, koma Chidindo anali kutsogolo kwawo, choncho kwa iye chinafika chowongoka, chenicheni chimene asisi anakana kumuonetsa pamaso pa msewu wonse. Sanadziwe ngati ayang'ane kapena aweramitse mutu. Anayang'ana mpaka koyilo inatha.

Anatapa phala n'kufikitsa supuni pakamwa pawo. Milomo inakhalabe yotseka. Anawaitana, koma iwo sanamuyang'ane n'komwe. Dzanja lija linatsika, linagwira supuniyo, n'kuichotsa m'zala zake, mosakalipa komanso mosapempha. Theka la phalalo linatayikira pathaulo. Lotsalalo analifikitsa okha pakamwa, anameza, n'kubweza supuni m'mbale kukatapa lina. Chidindo anatambasula dzanja kuti awawongolere, iwo n'kulikankha ndi chigongono. Anangowagwirira mbale.